Mchere, Impso ndi Kuthamanga kwa Magazi

 Amene muli ndi ana kumbuyo musavutike. Akalira ayamwitseni, ine ndizilankhula.

Sewero limene tamvera pa wailesi lija lautsa mkangano, ndipo ndi bwino kutero. Mwamva mmene zinayendera. Mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu watupa nkhope ndi manja, mphete yakana kuvuka, mutu ukumuwawa usana ndi usiku. Apongozi ake akuti ndi tsempho, wina wathira mchere m'ndiwo ali wosayenera. Alamu ake akuti ndi mapasa. Mwamuna wake wangoti ndwii pakhonde, poti akudziwa kuti mlandu ukubwera kwa iye. Masiku atatu atha anthu akufunafuna wolakwa. Tsiku lachinayi mayi uja wagwa pansi, akuphupha ngati wakhunyu, ndipo m'pamene ayamba kuthamanga kukabwereka ngolo.

Pokambirana paja mmodzi wa inu wandifunsa kuti, "Nanga ngati si tsempho, bwanji inunso a chipatala mumalimbana ndi mchere? Si zomwezo?" Funso limeneli ndalikonda. Makolo athu anaona bwino kuti mchere ndi kutupa zili pa ubale. Pamene tikusiyana ndi apa: thupi silifunsa kuti dzanja lothira mchere ndi la yani. Limangoona kuchuluka kwa mcherewo, ndipo lili ndi njira yake youwerengera. Njira imeneyi ndi imene ndikufuna muidziwe lero.

Kapitao wa mchere

Amene munatumbulapo mbuzi mukuzidziwa impso. Zimakhala ziwiri, zooneka ngati nyemba, zogona m'mafuta cha kumsana. Ifenso tili nazo ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati chibakera. Ntchito yake ndi kusefa magazi. Pa tsiku limodzi impso za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita 180, ndiye kuti ndowa zisanu ndi zinayi za malita 20. Koma mkodzo umene timataya pa tsiku ndi lita imodzi ndi theka chabe. Madzi ena onsewo, pamodzi ndi mchere wake, impso zimawabwezera m'magazi.

Tsono ndani amauza impso kuti lero bwezani mchere wambiri, mawa tayani?

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kokhala ngati kachipewa. Kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 5. A chipatala amakatcha adrenal. Kachiwalo kameneka kamapanga timadzi totchedwa mahomoni. Homoni ndi mthenga: amapangidwa pamalo pena, n'kuyenda m'magazi kukapereka lamulo pamalo penanso. Mthenga amene tikukamba lero dzina lake ndi aldosterone. Lilime likakana musadandaule, palibe amene akupatseni mayeso. Ingomutchani kapitao wa mchere.

Lamulo lake kwa impso ndi limodzi: sungani mchere, tayani potassium. Potassium ndi chakudya cha minofu ndi mtima chimene timachipeza mu nthochi, nyemba, mbatata, mapeyala ndi masamba. Ndipo mchere ukasungidwa, madzi amautsatira. Izi mumaziona nokha kukhitchini. Mukawaza mchere pa tomato wodula, madzi amatuluka kuutsatira. Nthawi ya dzinja mchere wa m'mbale umanyowa wokha. M'thupi ndi chimodzimodzi. Mchere ukachuluka m'magazi, madzi amachulukanso, ndipo magazi amakankha makoma a mitsempha mwamphamvu, monga Diamphwe akadzaza amakankhira magombe ake. Kukankha kumeneko ndi kumene timayeza ndi kansalu kofinya mkono kaja, n'kumati BP. Pa Chichewa tinazolowera kunena kuti kuthamanga kwa magazi, ngakhale kuti magaziwo sachita liwiro ayi. Amangokankha molimba.

Kapitaoyu sadzilamula yekha. Impso zikamva kuti magazi ofika kwa izo achepa, zimatulutsa mthenga wina wotchedwa renin. Ameneyu amadzutsa mnzake, angiotensin, amene amafinya mitsempha, n'kupitanso kukagogoda pa kachipewa kaja kuti aldosterone atuluke. Magazi akakwanira, impso zimaleka kuitana, ndipo kapitao amapumula. Zonsezi zimachitika inu mukupalira chimanga, osadziwa kanthu.

Homoni ameneyu anadziwika m'chaka cha 1953. Anamupatula kuchokera ku tiziwalo ta ng'ombe, ndipo amene anagwira ntchitoyi ndi Sylvia Simpson ndi James Tait a ku London, mothandizana ndi Tadeus Reichstein wa ku Basel m'dziko la Switzerland. Mwamva dzina loyambalo? Anali mayi ngati ife tomwe.

Pamene amatipulumutsa

Musaganize kuti kapitao wa mchere ndi mdani. Popanda iye palibe amene akanakhala ndi moyo.

Taganizani mwana amene akutsekula m'mimba. Akutaya madzi ndi mchere kangapo pa tsiku. Magazi ake akuchepa. Impso zikuitana, kapitao akulamula kuti kadontho kalikonse kasungidwe. N'chifukwa chake mwana wotere amakodza pang'ono, mkodzo wake wachikasu kwambiri, thewera louma tsiku lonse. Thupi likudziteteza. Koma kapitao angasunge chokhacho chimene chilipo, sangalenge madzi. Maso akalowa, liwombo likalowa, khungu la pamimba mukalitsina osabwerera msanga, dziwani kuti iye wafika pomalizira mphamvu zake. Kumata mankhwala pa liwombo sikubweza madzi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, mwetsani mwana pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, pitirizani kuyamwitsa, ndipo bwerani naye kuti alandirenso mapilitsi a zinki. Mu Thanzi muli mchere, shuga ndi potassium, zoyezedwa bwino. Apa ndiye mchere ndi mankhwala.

Mayi akataya magazi pochira, kapitao yemweyo ndi amene amathandiza kuti magazi otsalawo asatsike msanga pamene tikufunafuna thandizo.

Ndipo pa nthawi ya pakati amagwira ntchito yoposa masiku onse. Mayi woyembekezera amafunika magazi okwanira anthu awiri, choncho madzi a m'magazi ake amawonjezereka pafupifupi ndi theka. Aldosterone amachuluka kangapo kuti zimenezi zitheke. Komabe BP ya mayi wathanzi sikwera, chifukwa mitsempha yake imamasuka n'kupereka malo. Nthawi zambiri imachita kutsikako pang'ono pakatikati pa mimba. Mapazi akhoza kutupa madzulo mayi akatandala choimirira, m'mawa n'kuphwa. Kumeneko si koopsa.

Kutupa kwa mayi wa m'sewero

Kutupa kwa mayi uja ndi kwina. Ndi matenda amene a chipatala amawatcha pre-eclampsia, ndipo akafika pokomoka ndi kuphupha amawatcha eclampsia. Amayamba mimba ikapitirira milungu 20. Gwero lake ndi nsengwa imene sinamere bwino m'chiberekero. Nsengwa yotere imatulutsa zinthu zimene zimavulaza mitsempha ya mayi. Mitsempha imafinyika n'kuyamba kudontha, madzi amathawira m'minofu, nkhope ndi manja zimatupa, BP imakwera, impso zimayamba kutaya zakudya zomanga thupi mu mkodzo. Mwana m'mimba salandira chakudya chokwanira.

Mvetsetsani apa, chifukwa ambiri amasokoneza. Pa matenda amenewa wolakwa si kapitao wa mchere. Mwa amayi otere aldosterone amakhala wochepa poyerekeza ndi mwa anzawo oyembekezera athanzi. Wolakwa si mchere wa m'ndiwo, si mwamuna, si mpongozi, si mwana wamkazi amene anathira mchere ali kumwezi. Choncho kumumana mayi mchere sikungamuchiritse, ndipo kukhala pabwalo kuweruza mlandu sikungatsitse BP yake. Ine sindinabwere kudzanyoza mwambo. Ngati banja likufuna kukambirana za m'nyumba, likambirane, koma mayi akhale atafika kale kuchipatala.

Alamu aja amene amati ndi mapasa sananame kwenikweni. Mimba ya mapasa imawonjezeradi ngozi ya matendawa. Koma chimenecho ndi chifukwa chothamangira kuchipatala, osati chokhalira pansi. Enanso amene ayenera kusamala kwambiri ndi a mimba yoyamba, a zaka zopitirira 35, amene anadwalapo chotere pa mimba ina, ndi amene ali kale ndi BP, matenda a shuga kapena a impso.

Zizindikiro zake zisungeni pamtima. Mutu wopweteka kwambiri wosamva panado. Kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena tinyenyezi tothwanima m'maso. Kutupa nkhope ndi manja, makamaka kobwera mwadzidzidzi. Kupweteka pansi pa nthiti, cha kumanja kapena pa chifu. Kupuma movutikira. Mukaona chimodzi chokha mwa zimenezi, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musadikire tsiku la sikelo.

Koma choopsa n'chakuti amayi ambiri samva kanthu kufikira zitafika poipa. N'chifukwa chake timakuyezani BP ulendo uliwonse, ndipo kuyambira 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. BP ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, timayezanso, n'kuyeza mkodzo. Alipo mankhwala otsitsa BP osavulaza mwana, monga methyldopa ndi nifedipine. Ilipo jakisoni ya magnesium sulphate yoletsa kukomoka. Amene ali pa ngozi yaikulu nthawi zina amapatsidwa asipirini wa mlingo wochepa mimba ikali yaing'ono, koma wopereka ndi a chipatala, osati wa pa okala. Chochiritsa chenicheni ndi kubadwa kwa mwana ndi kutuluka kwa nsengwa. Ndiye tikakuuzani kuti tikukutumizani ku Bwaila, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma, kapena kuti mukhale kuchidikiro ngakhale masiku asanakwane, musakane poganiza za nkhuku ndi ana otsala kumudzi. Konzeranitu amene adzakusungireni pakhomo. Mukagulitsa fodya, mtedza kapena soya, patulani kandalama ka njinga yamoto kapena galimoto, ndipo bambo a kunyumba adziwe pamene kali.

Mukachira musati zatha. Matendawa akhoza kuyamba kapena kukula m'masiku otsatira, mpaka milungu isanu ndi umodzi. Mutu ukapweteka kwambiri muli m'chikuta, bwerani.

Kapitao akapyola malire

Tsopano tisiye za mimba, tikambe za BP ya masiku onse, imene ili pa amayi anu, apongozi anu, amuna anu, mwinanso inu nomwe.

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi WHO unachita kafukufuku m'dziko muno pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Unapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo oposa asanu ndi anayi mwa khumi a iwo sankadziwa. Si matenda a mabwana a m'tauni okha. Alipo m'midzi mwathu muno, ndipo amadzaonekera munthu atafa ziwalo mbali imodzi, mtima utatupa kapena impso zitasiya ntchito.

Kwa ambiri BP imabwera ndi msinkhu, mtundu, kunenepa, mowa ndi mchere wochuluka. Koma alipo ena amene vuto lawo ndi kapitao uja. Amangolamula kuti mchere usungidwe, ngakhale impso sizinaitane. Mwa ena pamakhala kachotupa pa kachipewa kamodzi, mwa ena tizipewa tonse tiwiri timagwira ntchito mopyola. Dokotala wina wa ku Michigan ku America, Jerome Conn, ndi amene anazindikira zimenezi m'chaka cha 1954. Anali ndi wodwala, mayi wa zaka 34, amene kwa zaka zambiri ankafooka mpaka kulephera kuyenda, minofu ikukokana, BP ili yokwera, potassium m'magazi ali wochepa. Atamuchita opaleshoni anapeza chotupa pa adrenal. Atachichotsa, BP inatsika ndipo mphamvu zinabwerera. Kale anthu ankayesa kuti ndi matenda osowa. Lero zikudziwika kuti mwa anthu 100 a BP, asanu kufikira khumi vuto lawo ndi limeneli, ndipo mwa amene BP yawo imakana mankhwala, ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu.

Ndani ayenera kuganiziridwa? Munthu amene BP inamuyamba akali wamng'ono, asanafike zaka 40. Munthu amene akumwa mitundu itatu ya mankhwala mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, koma BP osatsika. Makamaka ngati miyendo imafooka, minofu imakokana, akumva dzanzi, ludzu silitha, ndipo usiku amadzuka kangapo kukataya madzi. Zizindikiro zimenezi zimabwera chifukwa potassium akutayika, ngakhale kuti ambiri a matendawa alibe chizindikiro chilichonse kupatula BP yokana kutsika.

Munthu wotere amavutika kawiri. Kunyumba amamunena kuti ndi waulesi, kapena kuti walodzedwa. Kuchipatala amakayikiridwa kuti sakumwa mankhwala. Ngati ndinu, kapena ndi mbale wanu, lankhulani momasuka. Nenani kuti, "Adokotala, mankhwala ndikumwa onse, kabuku ndi aka, koma BP sikutsika ndipo miyendo ikufooka. Kodi simunganditumize akandiyeze magazi ndi impso?" Kufunsa kotere si mwano. Kuyeza kumeneku kumafuna chipatala chokhala ndi labotale, ndiye pamafunika kalata yokutumizani.

Thandizo lilipo. Mankhwala otchedwa spironolactone amatseka khomo limene kapitao amalowera pa impso, kuti lamulo lake lisamveke. Ngati vuto ndi chotupa cha mbali imodzi, opaleshoni imatha kuchiritsa kapena kuchepetsa matendawa. Koma spironolactone si wobwerekana. Akhoza kukweza potassium mpaka kuimitsa mtima, makamaka ngati impso zili zofooka, choncho womwa ayenera kumayezedwa magazi.

Ndi inu amayi a msinkhu wobereka, apa tcherani khutu. Mankhwala ena a BP, monga enalapril ndi captopril, amagwira ntchito podula uthenga uja wochokera ku impso kupita kwa kapitao. Ndi mankhwala abwino, koma amavulaza impso za mwana wosabadwa. Spironolactone nayenso sapatsidwa kwa woyembekezera. Ngati mukumwa mankhwala a BP ndipo mukufuna kutenga pakati, kapena mwadumpha mwezi, bwerani msanga tikusinthireni. Musangosiya nokha, ndipo musamwe a amayi anu poti nawonso ndi a BP.

Nthawi zina vuto limakhala la mbali inayo, tizipewa titaonongeka n'kuleka kupanga mahomoni. Dokotala Thomas Addison wa ku London analemba za matendawa mu 1855, ndipo kuno kwathu chimene chimaononga tiziwaloti kawirikawiri ndi TB. Munthu amawonda, amafooka, amachita chizungulire akaimirira, amalakalaka mchere, ndipo nkhama ndi mizere ya m'manja zimada. Wotere asamanidwe mchere, apite kuchipatala. Ndionjezepo za timapilitsi ta prednisolone ndi dexamethasone timene ena amagula pa msika kuti anenepe kapena kuti nyamakazi ileke. Timeneti timakweza BP ndi shuga, timatupitsa nkhope, ndipo timagonetsa tiziwalo ta adrenal. Amene wamwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, abwere timuchepetsere pang'onopang'ono.

Mchere wa pakhomo

Kapitao uja analengedwa kuti azisunga mchere pamene uli wosowa. Agogo athu akale ankaupeza movutikira. Lero uli pa okala iliyonse, ndipo dzanja lathu lazolowera kutapa. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mpaka phiri, kuwerengera zakudya zonse. Tiyeni tiwerenge. Pa banja la anthu asanu ndi mmodzi, paketi ya theka la kilogalamu iyenera kupitirira milungu iwiri. Ikamatha mlungu umodzi, mchere wachuluka pakhomopo, ndipo sitinawerenge wobisika.

Wobisikawo ndi uti? Uli mu nsomba zouma zothira mchere, mu timibulu tokometsera ndiwo, mu buledi, mu soseji. Uli mu soda amene timathira mu therere ndi nkhwani kuti zifewe, pakuti soda wogula ndi mbale wake wa mchere ndipo m'thupi amachita zofanana. Uli pa chiwaya tsiku la msika, pamene abambo amadya tchipisi ndi kanyenya akusunsa mu mulu wa mchere ndi tsabola, ngakhale wokazinga anathira kale.

Sindikuti mutaye mchere. Thupi limaufuna, ndipo mchere wa ayodini umateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Gulani wa ayodini, usungeni m'chitini chotseka, thirani pang'ono ndiwo zitatsala pang'ono kupsa. Yezani ndi supuni, osati ndi dzanja. Pa mphasa pasabwere mbale ya mchere woonjezera. Nsomba zamchere ziviikeni n'kutaya madzi oyambawo. Kometsani ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro, zimene kuno ku madimba athu sizisowa. Phala la mwana wosakwana chaka silifuna mchere, impso zake zikali zanthete. Abambo akadandaula kuti ndiwo sizikukoma, chepetsani pang'onopang'ono osalengeza. Pakatha milungu ingapo lilime limazolowera, ndipo ambiri sazindikira n'komwe.

Amene munayamba kale mankhwala a BP, monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine, kuchepetsa mchere kumawathandiza kugwira bwino ntchito, koma sikulowa m'malo mwake. Adyo, mandimu ndi chammwamba idyani ngati chakudya, mankhwala musasiye. Kupeza bwino si chizindikiro chakuti BP yatha, ndi chizindikiro chakuti mankhwala akugwira.

Pomwe tikukuyezani, musabwere mukupuma wefuwefu kuchokera pa njinga n'kupereka mkono pomwepo. Khalani pansi mphindi zisanu, mapazi pansi, osalankhula. Tikalemba manambala awiri aja m'kabuku kanu, funsani kuti ndi angati, muwamve ndi makutu anu. Mwezi wamawa bwerani ndi bambo a kunyumba kapena apongozi, nawonso tidzawayeze, sipalipira kanthu.

Tsopano oyembekezera ayambe ndiwo kulowa, mmodzimmodzi, kabuku m'manja. A ana tsalani pomwepa, sikelo ikubwera.